Kuthira ayironi mu mkaka, chambiko ndi yogati: mchere uti, wochuluka bwanji, ndipo zimalakwika pati

Mkaka wa ng'ombe uli ndi zomanga thupi zambiri, koma pa nkhani ya ayironi ndi mmphawi. Mu lita yathunthu simukwana ndi theka la miligalamu lomwe, pomwe mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika mamiligalamu 7 patsiku, mayi wa msinkhu wobereka 18, ndipo woyembekezera 27. Mwana wokhuta mkaka n'kumakana phala ndi ndiwo amaoneka wonenepa bwino, koma mukam'tsitsa chikope mupeza m'kati mwayera. Kuwonjezera apo, kashiamu wa mu mkaka, yemwe amafika mamiligalamu pafupifupi 1,200 pa lita, pamodzi ndi puloteni ya casein, amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'magazi. Poona izi, maiko angapo anaganiza zothira ayironiyo mu mkaka momwemo, poti ana akumwa kale.

Pokamba zimamveka zophweka. Chovuta n'chakuti ayironi amene matumbo amam'yamwa mosavuta ndi yemweyo amene amawononga mkaka msanga, ndipo amene amausiya mkaka uli bwinobwino, thupi nalo limam'tenga pang'ono. Aliyense wofuna kugwira ntchitoyi akuyenda pakati pa mavuto awiriwa, ndipo yankho la mkaka wa ufa si yankho la mkaka wamadzi, komanso si la chambiko.

Chimene ayironi amachita akalowa m'thanki

Ayironi wosungunuka m'madzi, makamaka wa gulu la ferrous (gulu linalo ndi la ferric), amafulumizitsa mpweya wa okosijeni kudya mafuta a mkaka. Kadontho kalikonse ka mafuta kali ndi kakhungu kopyapyala kokakuta, ndipo mafuta a m'kakhunguko ndi amene sachedwa kuwonongeka. Tsiku lopakira simumva kanthu. Pakapita masiku ochepa mufiriji, mkaka umayamba kumveka chitsulo pa lilime, kenako umabwera ndi fungo la katoni yonyowa, pamapeto pake la mafuta okhalitsa. Sunasase, sunawole, ndipo ku labotale angauyeze n'kupeza tizilombo tochepa, koma mwana akalawa amalavula. Dzuwa ndi magetsi a mufiriji ya m'shopu zimaonjezera vutoli, chifukwa vitamini B2 wa mu mkaka akawalidwa amayambitsanso kuwonongeka komweku. Kopa ndi woipa kuposa ayironi pa nkhaniyi: mpopi umodzi wa bulasi pa mzere wa mapaipi ungakuwonongereni mkaka wonse, inu n'kumaimba mlandu mchere wa ayironi umene mwathira.

Vuto lachiwiri ndi mtundu. Ayironi akakumana ndi zinthu zowawasa za mu tiyi, khofi, koko ndi zipatso zina, amadetsa chakumwa. Mkaka wa chokoleti umasanduka wotuwa, yogati ya sitiroberi imachoka pofiira n'kupita kophulusa, ya nthochi nayo imada.

Vuto lachitatu anthu amaliiwala. Mu mkaka wosaphika muli puloteni ya lactoferrin yomwe imagwira ayironi wochepa uja kuti tizilombo tisam'peze. Mukathira mamiligalamu 10 pa lita, mwaipitirira mphamvu, ndipo tizilombo tapeza chakudya. Choncho ayironi sathiridwa kukhola kapena kumalo osonkhanitsira mkaka wa alimi, kumene umadikira galimoto maola ambiri. Amathiridwa kufakitale, mphindi zochepa mkaka usanaphikidwe.

Mchere uti

Palibe amene amathira chitsulo chenicheni. Amathira mchere wokhala ndi ayironi, ndipo mchere uliwonse uli ndi mlingo wakewake. Ferrous sulphate wa timibulu tobiriwira ali ndi ayironi 20 pa 100, wouma uja pafupifupi 33. Ndi wotchipa kuposa onse ndipo thupi limam'yamwa bwino, moti ndi amene ena onse amayerekezedwa naye, koma mu mkaka wamadzi wa mafuta onse amauwononga mosachedwa. Malo ake ndi mu mkaka wa ufa, mmene mulibe madzi oti asungunukiremo. Ferrous gluconate ali ndi 12 pa 100 okha, motero mumathira wambiri. Ferrous bisglycinate ali ndi 20 pa 100. Ayironi wake ndi womangidwa pakati pa tizidutswa tiwiri ta glycine, kamodzi ka tizigawo topanga puloteni, ndiye sakhudzana kwambiri ndi mafuta kapena casein. Mu mkaka wamadzi amachita bwino, koma mtengo wake umaposa wa sulphate kakhumi n'kupitirira, ndipo sikuti sadetsa konse zakumwa za koko. Ferric ammonium citrate, wa 17 pa 100, amasungunuka ndipo sawononga mafuta msanga ngati a ferrous, ngakhale thupi limam'tenga mocheperapo.

Ferric pyrophosphate ndi woyera, alibe kakomedwe, ali ndi 25 pa 100, ndipo sasungunuka m'madzi. Wamba amakadikha pansi pa botolo ndipo thupi limangotengako gawo chabe. Alipo wina wogayidwa mosalala kwambiri, timibulu tosakwana mayikiloni imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), n'kukutidwa ndi zomuthandiza kuyandama mu mkaka. Akatswiri a ku ETH Zurich, yunivesite ya ku Switzerland, mu 2004 anapeza kuti mu yogati yakumwa, ameneyu amalowa m'thupi pafupifupi mofanana ndi sulphate. Chenjerani pogula: chifukwa cha zokutirazo, ayironi wake pa kilogalamu amatsika kwambiri, ndiye muwerenge chikalata cha wogulitsa, osangotenga 25 uja.

Malangizo a mu 2006 a WHO ndi FAO, mabungwe a United Nations oona za umoyo ndi za chakudya, anaika nkhaniyi chonchi: mu mkaka wa ufa, ferrous sulphate pamodzi ndi vitamini C, mu mkaka wamadzi, ferric ammonium citrate, ferrous bisglycinate kapena pyrophosphate wosalala uja.

Michere iwiri ina ingoisiyani. Ferrous fumarate ndi wofiirira ndipo sasungunuka bwino, amasiya timadontho pansi pa kapu. NaFeEDTA, amene amakonda kuthiridwa mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu, mphamvu yake ili polimbana ndi phytate, chinthu cha m'mbewu chimene chimatchinga ayironi kulowa m'thupi, ndipo mu mkaka mulibe phytate. Komanso ali ndi malire: ayironi wochokera mwa iye asapitirire mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu ya thupi patsiku, kutanthauza mamiligalamu 2 okha kwa mwana wa makilogalamu 10. Musatenge msakanizo wa michere wa kuchigayo n'kuuthira mu mkaka poganiza kuti ayironi ndi ayironi.

Kumene zinatheka

Dziko limene linaifufuza nkhaniyi mozama ndi Chile. Dokotala Abraham Stekel ndi anzake a ku INTA, nthambi ya Universidad de Chile, anaona kuti makanda akamwa mkaka wothira ferrous sulphate yekha, ayironi wolowa m'thupi amakhala pafupifupi 3 mpaka 5 pa 100, koma akathiramo vitamini C wokwana mamiligalamu 100 pa lita, mlingowo umawirikiza kawiri kapena kuposa. Atayesa kwa ana ambiri mkaka wa ufa wokhala ndi mamiligalamu 15 a ayironi ndi 100 a vitamini C pa magalamu 100, pofika miyezi 15 ana ochepa magazi anali osakwana 3 mwa 100, pomwe mwa omwa mkaka wamba anali oposa 25. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugawa m'zipatala mkaka wa Leche Purita Fortificada, wokhala ndi mamiligalamu 10 a ayironi, 70 a vitamini C ndi 5 a zinki pa magalamu 100 a ufa. Ufa umenewo ukasungunulidwa n'kupanga lita, ndiye kuti mamiligalamu 10 pa lita.

Onani kuchuluka kwa vitamini C poyerekeza ndi ayironi: 70 kwa 10. Lamulo lake ndi loti vitamini C akhale osachepera kasanu n'kamodzi kulemera kwa ayironi weniweni. Mukathira wochepera pamenepo, phindu lake limachepa, chifukwa sakwanitsa bwino kulanda ayironi kwa casein.

Ku Mexico, kampani ya boma ya Liconsa, yomwe inkagulitsa mkaka motchipa kwa mabanja ovutika, inasankha ferrous gluconate. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2006, ana aang'ono omwa mamililita 400 patsiku, okhala ndi mamiligalamu 5.8 a ayironi, anatsika kuchoka pa 41 mwa 100 ochepa magazi kufika pa 12 m'miyezi isanu ndi umodzi. Omwa mkaka wosathira anachoka pa 30 kufika pa 24. Costa Rica inalamula mu 2001 kuti mkaka wamadzi ndi wa ufa uzithiridwa ferrous bisglycinate, ndipo kuchepa kwa magazi mwa ana kunatsika kuchoka pa 19 kufika pa 4 mwa 100. Apa tisamale, chifukwa m'zaka zomwezo ankathiranso ayironi mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu, ndiye sitinganene kuti ndi mkaka wokha unachita zimenezi.

Masamu ake

Yambani ndi ayironi weniweni amene mukufuna pa lita, kenako gawani ndi mlingo wa mcherewo. Tinene kuti thanki yanu ndi ya malita 200 ndipo mukufuna mamiligalamu 10 pa lita. Ayironi weniweni ndi magalamu 2. Ngati ndi bisglycinate wa 20 pa 100, muyeza magalamu 10. Ngati ndi gluconate, pafupifupi magalamu 17. Ferric ammonium citrate, pafupifupi 12. Pa malita 1,000 chulukitsani kasanu.

Magalamu 10 m'malita 200 ndi kanthu kochepa kwambiri, ndipo ngozi yagona pamenepo. Sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu athunthu siyenera. Pamafunika yoonetsa magawo a galamu. Kulakwitsa kadontho kamodzi pa pepala kumasandutsa magalamu 10 kukhala 100, ndipo kapu imodzi ya mamililita 250 imakhala ndi mamiligalamu 25, pomwe malire a mwana pa tsiku lonse ndi 40. Woyeza akhale wina, wotsimikiza n'kusayina akhale wina. Mcherewo ukhale wopangidwira chakudya, wobwera ndi chikalata chosonyeza kuti mtovu ndi zitsulo zina zoipa zinayezedwa. Ferrous sulphate wa m'shopu za zaulimi kapena mapiritsi a kusikelo ya amayi oyembekezera osinjidwa si zothira mu mkaka, ndipo ntchito yonseyi si ya pakhomo. Thumba la mcherewo lizikhala lokiyidwa: mwana akameza ayironi wokwana mamiligalamu 20 pa kilogalamu ya thupi lake amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo akafika 60 moyo uli pachiswe.

Mkaka wamadzi

Mkaka woyamba kusasa musauthire. Uyezeni ndi sipiriti polandira, ndipo wochita timibulu mubweze; lactometer, chida choyezera kulemera kwa mkaka, isonyeze pakati pa 1.028 ndi 1.032.

Sungunulani mchere woyezedwa uja mu theka la lita kapena lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, m'chiwiya cha chitsulo chosachita dzimbiri. Musausungunulire mu kirimu kapena mu mkaka wa mafuta ambiri, chifukwa mukatero mwaika ayironi wamphamvu pamalo pomwe mukufuna kuteteza. Msakanizowu muupange nthawi yomweyo mukuthira. Mukausiya pa tebulo ola limodzi, wa ferrous umachoka pobiriwira n'kuyamba kufiira ngati dzimbiri, chizindikiro chakuti mpweya waulowerera.

Thirani pang'onopang'ono pafupi ndi chotakasira chikuzungulira. Mukakhuthulira malo amodzi, asidi ndi ayironi wochuluka pamalopo amaumbitsa puloteni, n'kupanga timibulu tomwe timakatsalira pa sefa limodzi ndi ayironi wanu yemweyo. Takasani kwa mphindi 10 mpaka 15 mosachititsa thovu. Thovu ndi mpweya, ndipo mpweya ndi umene tikuuthawa.

Nthawi yabwino ndi mkaka utadutsa kale mu homogeniser, makina ophwanya mafuta a mkaka kukhala tinthu ting'onoting'ono, koma usanaphikidwe. Makinawa akaphwanya timadontho ta mafuta, casein amatikuta mwatsopano, ndipo ayironi satifikira mosavuta. Fakitale yopanda makinawa ili pa vuto, ndipo kunena zoona ndi bwino ithire ayironi mu mkaka wochotsa mafuta ena kapena ipite ku chambiko.

Kuphika ndi kwa masiku onse, madigiri 63 kwa mphindi 30 kapena 72 kwa masekondi 15, kupatula ngati mcherewo ndi wa ferric. Ayironi wa ferric amalimbitsa lipase, enzayimu yophwanya mafuta, kuti asafe pa kutentha kwa nthawi zonse, ndipo mkaka umadzamveka sopo. Kwezani kutentha kufika cha m'ma 80. Ziziritsani mpaka madigiri 4, ndipo pakirani m'mapaketi osalowa kuwala, odzaza bwino. Kuthira ayironi mkaka utaphikidwa kale n'kubwezeramo tizilombo, pokhapokha msakanizowo nawo utaphedwa tizilombo paokha.

Nanga vitamini C? Mu mkaka wamadzi sakhalitsa. Mpweya, kuwala ndi ayironi yemweyo zimamudya, ndipo pamene akuwonongeka amathanso kuthandizira kuwononga mafuta. N'chifukwa chake amene amagulitsa mkaka wamadzi amakonda kulipira zambiri pa bisglycinate, amene sadalira kwambiri vitamini C.

Chambiko ndi yogati

Kwa fakitale yaing'ono, apa ndiye poyambira. Mkaka wa yogati umaphikidwa kwambiri, madigiri 85 kwa mphindi 30 kapena 90 mpaka 95 kwa mphindi 5. Kutentha kumeneku kumapheratu lipase, komanso kumamasula mbali za sulufa m'mapuloteni a mkaka zomwe zimateteza mafuta. Tizilombo tosasitsa timadya mpweya wotsala m'kapu, kusasa kumabisa kakomedwe ka chitsulo, ndipo asidi amathandiza ayironi kukhala wosungunuka. Ku Utah State University mu 1997 anathira mamiligalamu 10, 20 ndi 40 pa kilogalamu ya yogati, ndipo tizilombo tosasitsa sitinasokonezeke.

Ndondomeko yake ndi yomweyi: thirani musanaphike, ziziritsani mpaka madigiri 42 kapena 43, ikani mbewu ya yogati, yomwe ndi tizilombo tosasitsa tija, dikirani maola anayi mpaka asanu ndi limodzi mpaka pH, mlingo wa kusasa, ifike 4.5 kapena 4.6. Chambiko chimasasa pa kutentha kochepa, madigiri 22 mpaka 25, usiku wonse. Poti chimatenga nthawi yaitali asidi asanachuluke, tizilombo toipa tikapezeka m'thanki timakhala ndi maola ambiri odya ayironi uja, ndiye ukhondo wa thanki ndi mbewu yamphamvu n'zofunika kuposa pa yogati. Pyrophosphate wamba mu yogati youmira m'kapu amadikha pansi mkaka usanagwirane, ndipo mwana amene samaliza kapu amasiya ayironi yense pansi.

Pa zokometsera, vanila savuta. Sitiroberi weniweni ndi nthochi zimada. Malambe amakopa chifukwa ali ndi vitamini C wambiri, koma alinso ndi zowawasa zomwe zingadetse yogati ndi kugwira ayironi, choncho yesani lita imodzi kaye, muisunge mufiriji mpaka tsiku lomaliza lolembedwa pa kapu, musanaike thanki yonse.

Tchizi chimagwira ayironi bwino, chifukwa amamatirira ku casein n'kutsalira m'chigumu m'malo mopita ndi madzi, koma ana osowa ayironi si amene amadya tchizi. Batala ndi kirimu ndi mafuta okhaokha, musayese n'komwe.

Mkaka wa ufa

Potsatira mlingo wa ku Chile, makilogalamu 100 a ufa amafuna magalamu 10 a ayironi weniweni, kutanthauza pafupifupi magalamu 31 a ferrous sulphate wouma, ndi magalamu 70 a vitamini C. Sankhani wouma, chifukwa wobiriwira uja ali ndi madzi m'kati mwake ndipo amaundana n'kupanga timadontho takuda mu ufa. Magalamu 100 sangasakanikirane ndi makilogalamu 100 mukangowakhuthulira. Sakanizani kaye ndi magalamu 100 a ufa, kenako onjezerani 200, kenako 400, kuwirikiza chonchi mpaka mufike makilogalamu angapo, ndipo pamenepo mupite nazo m'makina aakulu osakanizira. Tengani zitsanzo malo khumi osiyanasiyana, pamwamba, pakati, pansi ndi m'makona. Paketi ikhale ya foyilo yosalowa mpweya ndi chinyezi. Pulasitiki wamba m'nyengo ya mvula amalola ufa kunyowa, ndipo sulphate akangopeza chinyezi amayamba ntchito yake pa mafuta.

Kuyeza

Lilime ndi chida choyamba. Ikani makapu atatu, awiri a mkaka wosathira ndi imodzi ya wothira, mupatse anthu osadziwa kuti atchule yosiyana. Chitani izi tsiku loyamba, pakati, ndi tsiku lomaliza. Kulawa tsiku lopakira lokha n'kudzinamiza. Thiraninso mkakawo mu tiyi wamphamvu pafupi ndi kapu ya mkaka wamba, muone mtundu. Mlingo weniweni wa ayironi umayezedwa ku labotale, ndipo chilichonse cholembedwa pa paketi chiyenera kugwirizana ndi zotsatira zake komanso ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards.

Kodi kwathu kuno zingathandize?

Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 63 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi amayi 33 mwa 100 ali ochepa magazi. Koma kafukufuku wa michere wa nthawi yomweyo anasonyeza kuti ana osowa ayironi anali 22 mwa 100, ndipo ochepa magazi chifukwa cha kusowa ayironiyo anali 9 okha. Zifukwa zina zochepetsa magazi ndi malungo, njoka za m'mimba, likodzo, matenda a sickle cell ndi kusowa michere ina. Mkaka wothira ayironi suchiza zimenezi, ndipo paketi yolonjeza kuthetsa kuchepa kwa magazi ikunama. Kumalo a malungo ayironi wochuluka ali ndi ngozi yake: pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 anapeza ana opatsidwa mapiritsi a ayironi akugonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. Mamiligalamu 2.5 a m'kapu ya yogati ya mamililita 250 ndi ochepa poyerekeza ndi piritsi, ndipo ichi ndi chifukwa china chosakwezera mlingo mwachisawawa.

Lamulo lathu limakakamiza ayironi mu ufa wa m'mafakitale, vitamini A mu shuga ndi mafuta ophikira, ndi ayodini mu mchere; mkaka mulibe, ndiye wothira amathira mwa kufuna kwake ndipo mtengo umagwera wogula. Ku Chile ndi Mexico zinayenda chifukwa boma linaufikitsa mkakawo kwa ana osauka tsiku ndi tsiku. Kuno mkaka wambiri umathera mu tiyi, ndipo tiyi ndi mdani wamkulu wa ayironi: amam'gwira m'kapu momwemo asanafike m'matumbo. Wothira ayironi mu mkaka wa tiyi walipira mchere wodula kuti apeze tiyi wotuwa. Kapu ya chambiko kapena yogati yomwedwa payokha, monga pa nthawi yopuma kusukulu kapena kumkaka wa ana ongosiya kuyamwa, motalikirana ndi tiyi ola limodzi kapena awiri, imapereka gawo limodzi mwa atatu la zofunika kwa mwana wa zaka ziwiri, ndipo paketi iyenera kunena poyera kuti si ya khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi komanso siilowa m'malo mwa bere.